Tokeni ya a Levison

A Levison atabwera kuchokera ku Joni mu 1948, patatha zaka naini osalemba ndi kalata yomwe, anafika ndi suti yabulawuni, giramafoni yopanda singano, ndi chipulumutso. Giramafoni sinalirepo mpaka lero. Chipulumutsocho ndiye chinkalira tsiku lonse.

Akazi awo, a Ester, poyamba anasangalala. Amuna a anzawo ankabwerako ndi chifuwa cha kumgodi kapena chithunzi cha mkazi wina m'thumba, awo abwera ndi Yesu, nanga n'kudandaula? Vuto linali loti bambowa sankatha kuyankha moni osatchulapo. Munthu akati "Mwe uli, ada?" iwo m'malo mongoti nde umampha ankayamba ndi deti: Lachinayi, 15 Ogasiti 1946, m'tenti kuseri kwa komboni, folo koloko ndendende. Kenako pachizungu, I am saved, chala chili m'mwamba. Anauza asodzi onse a pa Kande. Anauza azimayi ovuula chinangwa kudambo mpaka azimayiwo anasintha nthawi yokavuula.

Ndiye kunkabwera mgonero wa Ambuye. Masiku amenewo mgonero sumangodzuka n'kukadya ayi. Mkulu wa mpingo ankayenda khomo ndi khomo, kukufunsa mafunso, akakhutira n'kukusiyira tokeni, kamtovu kozungulira kolembedwa mawu. Lamulungu umakapereka polowa m'mabenchi akutsogolo. Wopanda tokeni ankakhala kumbuyo, kuonerera anzake akutafuna.

A Ester anali atadya mgonero zaka naini akuyang'ana mbali ya azibambo komwe kunalibe wawo, kumbuyo kwawo anthu akunong'ona kuti mkazi wa mtchona. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kuti Lamulungu limeneli mpingo wonse, makamaka a Lilian a pakamwa aja, uone suti yabulawuni itakhala kutsogolo. Anaisita kawiri.

Koma tokeni zinkasungidwa ndi amuna a Lilian yemweyo, a Mizeck, m'kachitini ka fodya. A Mizeck anali munthu wodzichepetsa kuposa aliyense kuchokera pa Kande mpaka Chintheche, ndipo ankadziwa. Popemphera ankadzitcha nyongolotsi, fumbi, nsanza yopukutira mapazi, mphindi twente osapuma, ndipo wina akadzitchanso nyongolotsi pambuyo pawo ankakhumudwa ngati waberedwa. Chiyambireni nkhondo ya Jeremani anali atakhwimitsa zinthu siriyasi. Wina anamanidwa tokeni chifukwa anaseka pamaliro. A Killion anamanidwa chifukwa anagwedeza mutu malipenga akudutsa. Anthu ankati Mzimu wawagwira mkuluyu.

Lachinayi anafika kwa a Levison, anakhala pampando, kachitini pabondo. Sanafunse n'komwe za Malamulo Khumi. Anangoti amva kuti pano pali munthu amene anawerenga kale dzina lake m'buku la moyo, ndiye amafuna adziwe kuti kumwambako anakwera sitima yanji. Mkhristu weniweni, anatero, amati ndikuyesa, ndikuyembekeza chifundo. Kunena kuti ndapulumuka ndi kunyada, ndipo kunyada n'kumene kunagwetsa Satana.

"Ada," anatero a Levison, "bwato litagubuduzika ndi mwera, wina n'kukuvuulani, mukafika pamchenga mumati kaya ndavuuka, tiona? Ine ntchito yanga inali kumwa madzi basi. Ndinyadire chiyani pamenepo?"

"Wovuulidwa amagona chafufumimba n'kumasanza," anatero a Mizeck. "Sayenda m'mudzi mu suti."

Anatsegula kachitini motembenuka pang'ono, anapereka tokeni imodzi kwa a Ester, n'kutseka. Ya bambo idzabwera akadzaphunzira kunena kuti ndikuyesa.

A Ester anawachonderera amuna awo Lachisanu lonse. Mawu amodzi okha, anene lero, Lolemba abwerere ku I am saved wawoyo, palibe adzawaletse. A Levison anati limenelo likhala bodza, ndipo bodza analisiya m'tenti. A Ester anangowayang'ana. Pa machimo onse amene munthuyu akanatha kusiya ku Joni, anasankha lomwe linali ndi ntchito sabata ino.

Loweruka m'mawa a Ester anasenza ufa wa kondowole kupita kwa a Lilian, kuti mwina mkazi afewetse mwamuna. A Lilian analandira ufawo bwinobwino, yewu ama, kenako anati za sesoni ya akulu a mpingo iwo salowererapo, abambo ali kugombe akusoka ukonde, akalankhule okha.

Anawapeza atayala ukonde pamchenga, singano kukamwa. A Ester anagwada chapatali monga mwa ulemu, nkhope pansi, n'kuyamba kuti ada, munthu uja ndi mtchona, zachikhristu za kuno anaiwala, mumukhululukire. A Mizeck anayamba ulaliki wa Mfarisi ndi wamsonkho. Unali wautali. Ndipo poti mzimayi sayang'ana mkulu wa mpingo m'maso, a Ester nthawi yonseyo maso anali pachingwe cham'munsi cha ukonde, chimene chinadutsa pafupi ndi mawondo awo.

Asodzi ena pachingwe chimenecho amamangirira timiyala kuti ukonde umire. Pa ukonde wa a Mizeck panalibe mwala. Panali timitovu tozungulira, tobooledwa pakati ndi msomali, tonse tofanana, mzere kuloza kunyanja. A Ester anamasula mfundo ya nsalu yawo, anatulutsa tokeni yawo ija n'kuigoneka pamchenga pambali pa kamodzi. Mapasa.

Ulaliki unaima pa wamsonkho.

A Mizeck analavula singano. Anati mtovu unasowa ndi nkhondo, miyala imadula ulusi, iwo anangobwereka zochepa kuti adzabweza, ndipo pajatu atumwi anali asodzi. A Ester ankaganiza za a Killion, zaka folo ali kumbuyo chifukwa chogwedeza mutu, kumapemphera kuti Chiuta awachotsere mzimu wa malipenga, pomwe tokeni yawo ili bize kugwira utaka. Kachitini kakamapepuka, machimo a pa Kande ankachuluka.

"Ada," anatero pomaliza, nkhope ikadali pansi, "kodi abusa akudziwa kuti tokeni zimapita kunyanja?"

A Mizeck anayang'ana kumtunda, anayang'ana kunyanja. Anafunsa ngati mayiwo ali ndi mpeni. A Ester anali ndi wosendera chinangwa. Mkuluyo anadula yekha kamodzi, anakapukuta pamalaya, n'kukapereka ndi manja awiri. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati nkhaniyi ithere pamchenga pomwepo.

"Ndiyesa, ada," anatero a Ester.

Kunyumba a Levison anaitembenuza tokeniyo, anasuzumira pabowo, anainunkhiza. Anafunsa kuti bwanji ikumveka nsomba. A Ester anati nayonso yavuulidwa m'nyanja, asaifunse zambiri, avale suti mawa.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Wolandira tokeni pamabenchi akutsogolo anali a Mizeck omwewo, atagwira mbale. A Levison anafika, anaponya yawo m'mbalemo kuti ngwe, anaweramira kukhutu kwa mkuluyo n'kunena mokweza kuti benchi lachitatu limve: "I am saved, ada. 15 Ogasiti."

"Tamva," anatero a Mizeck, chala chachikulu chitaphimba kabowo. "Khalani pansi."

Mgonero wotsatira a Killion ndi anzawo onse anapezeka kuti alapa mokwanira, aliyense ndi tokeni yabowo, ndipo ukonde wa a Mizeck unabwerera ku miyala. Zoti kunena kuti ndapulumuka ndi tchimo kapena ayi, sesoni sinagamulepo. A Levison anapitiriza kuuza anthu, azimayi anapitiriza kuvuula chinangwa nthawi yachilendo.

Koma tsiku loyamba lija, mkate ukuyenda, a Ester sanatsinzine ngati anzawo. Anayang'ana suti yabulawuni mbali ya azibambo, kenako anatembenuka pang'onopang'ono mpaka maso awo anakumana ndi a Lilian, n'kuwasiya pomwepo. Ngati m'tchalitchimo munali munthu wonyada, anali atakhala mbali ya azimayi, ndipo sanatsegule pakamwa.