Mikanda ya Mkazi wa Pakhoma

Luwiza anamva nkhaniyi kuchigayo, kuchokera kwa Esitele, mzimayi amene nkhani sinkagona m'mimba mwake.

"Amuna anu atchukatu," anatero Esitele akusasa gaga m'manja. "Zithunzi zawo azikoloweka kulaibulale. Koma pali mkazi wina pamenepo, mayi, ine sindinena zambiri. Mukadzionere nokha."

Eneya, mwamuna wa Luwiza, anali wolemba zikwangwani. Magolosale, malo ometera, mathiraki odikira kuboda, zonsezo zinkadutsa m'manja mwake. Penti ikatsala ankajambula zakezake pa zidutswa za mabolodi m'kashedi kake kumsika, ndipo Luwiza sankazilabadira chifukwa sizinkagula ndiwo. Koma chaka chimenecho, matipate atangobwera kumene, a Benedict oyang'anira laibulale ya pa Boma anatopa ndi makoma okhala ndi kalendala yokha, ndiye anapempha ojambula a mu Mchinji kuti abweretse ntchito zawo.

Luwiza anali asanalowemo mulaibulale chibadwire. Tsiku limenelo analowa ufa uli mbuu kumapazi, dengu atalisiya pakhomo. Panali zithunzi za minda ya fodya ya ku Chiosya, ngolo, anthu ali pamzere wokavota. Zonsezo anangozidutsa. Pafupi ndi zenera ndi pamene anaima chilili.

Pachithunzipo panali mkazi atawerama pamtondo, nkhope atalozetsa kwina. Khosi lalitali, chiuno chaching'ono. Ndipo pamwamba pa chitenje, pamene bulauzi inakwera pang'ono, panasuzumira chingwe cha mikanda yachikasu ndi yobiriwira. M'munsi mwa chithunzicho munali dzina la Eneya.

Mikanda ya m'chiuno saionera pamsika ayi. Mwamuna akadziwa mtundu wake, ndiye kuti anaiona chitseko chili chotseka. Ndipo ya Luwiza inali yofiira ndi yoyera. Nsanje inamugwira.

Mlungu wonsewo sananene kanthu kwa mwamuna wake, koma mkazi aliyense wa pa Boma anasanduka mdani. Kumjigo ankayang'ana ziuno za anzake akamawerama. Anakayikira wogulitsa zitenje wa ku Chipata amene ankaseka mopitirira akamacheza ndi Eneya. Anakayikira mphunzitsi wina amene anali atayamba kuvala thalauza. Ngakhale Esitele weniweniyo, ndi chiuno chake changati mgolo, anamuyang'anitsitsa kawiri. Ndipo tsiku ndi tsiku ankabwerera kulaibulale kukaima pachithunzipo, ngati munthu wokanda chilonda. Chomupweteka kwambiri n'chakuti sankaima yekha. Madalaivala a mathiraki, anthu oti buku analisiyira kupulaimale, anali atayamba kukonda laibulale mwadzidzidzi.

Pofika Loweruka analephera kupirira. Anamupeza Eneya kumsika akulemba chikwangwani cha butchala, anamugwira dzanja n'kumukoka mpaka kulaibulale. A Benedict atawaona anaika chala pakamwa, koma Luwiza sanabwere kudzawerenga.

"Bambo a Ivy, mundiuze pompano, pamaso pa anthu. Ndani ameneyu?"

Eneya anamuyang'ana modabwa. "Kodi simukumudziwa?"

"Ndimudziwe bwanji? Ndinalipo pamene ankakuvulirani?"

Amene ankawerenga nyuzipepala anazitsitsa onse. Eneya anayankha monong'ona, koma mulaibulale ngakhale kunong'ona kumafika pakona.

"Mayi a Ivy, ameneyu ndinu. Kwanu ku Mkanda, chaka chimene tinakwatirana. Mikandayo anakutungirani ndi azakhali anu. Inaduka muli ndi pakati pa Ivy, tinaitolera limodzi pamkeka."

Luwiza anatembenukira kuchithunzi chija. Anayang'ana mtondowo bwinobwino, wothetheka kukamwa kwake, ndipo anauzindikira kuti unali wa mayi ake. Zinali zoona. Kubereka, kulima ndi kuika maliro zinali zitamuiwalitsa, koma mwamuna wake anali atasunga mkanda uliwonse m'mutu.

"Basi, nkhani yatha bwino," anatero a Benedict, mtima utakhala pansi. Anthu anaseka, wina mpaka anaomba m'manja. Onse ankadikira kuti Luwiza agwetse nkhope n'kumwetulira, monga amachitira mkazi amene wapeza kuti ankadzivutitsa pachabe.

Koma Luwiza sanaseke. Anayang'ana khosi la pachithunzi, anayang'ana chiuno, kenaka anayang'ana manja ake okhakhala ndi mimba yake imene inabereka ana asanu. Wa ku Chipata akanamulondola mpaka kuboda n'kumuzula tsitsi. Nanga uyu akanamupeza kuti? Uyu sankakalamba, sankalongolola, sankadandaula za msana. Nsanje sinachoke, inangokhazikika bwino.

"Nanga ine wa leroyu," anafunsa, "munandijambulapo?"

Eneya anayamba kupukuta zala zake pa ovolosi, ngakhale penti inali itauma kale. Maso ake anathawira pakhoma, ndipo atafika pamenepo anafewa, n'kukhalitsa.

"Tiyeni kunyumba, mayi," anatero, akuyang'anabe mtsikanayo.