Buku la Mamembala a Malemu

Foni ya malemu inaliranso kachitatu m'mawa umenewo, ili patebulo pakati pa makalata achipepeso ndi kapu ya tiyi wotayikira pansalu. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa kusekondale, anatambasula dzanja kuti ayizimitse, koma bambo ake anamutsogolera.

"Mayi, kodi chaka chino mwanditaya?" anatero mwamuna wina pafonipo, mawu ake odzaza chimwemwe akumveka m'chipinda chonse. "Umembala wanga ukutha Lachisanu, koma simunandiimbire. A kampani ina akundinyengerera, ati launji yawo ili ndi mabafa a madzi otentha. Ndawauza kuti ndimve kaye mawu anu."

"Mayi mukuwafunawo tinawaika m'manda Loweruka," anayankha bambowo. "Pitani kuli mabafako mukasambe."

Anadula foni n'kuiika pansi.

"Bambo!" anatero mwana wawo. "Munthuyo samadziwa."

"Alamu, lilime limenelo bwenzi titaliika m'bokosi limodzi ndi akulu anga," anatero mng'ono wa malemu, amene anaima pakhomo la khitchini ali ndi nsalu yopukutira mbale paphewa. "Mwina iwo akanapitiriza kulisunga monga ankachitira. Ndipo taonani, mwatayanso tiyi. Nsalu yachitatu imeneyi."

"Makapu a masiku ano ndi opepuka ngati chikhulupiriro cha anthu ake," anatero bambowo, osamuyang'ana.

Anthu ankawatchula kuti a Mawotchi, chifukwa kwa zaka zambiri anali ndi kashopu kokonzeramo mawotchi. Anakatseka zaka zitatu zapitazo, ponena kuti maso atopa. Akazi awo, malemuwo, anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu kubwalo la ndege, mu launji, chipinda chopumuliramo anthu okwera ndege kawirikawiri amene amalipira umembala wa pachaka. Ntchito yawo inali kulandira mamembala pakhomo, ndipo khadi la munthu likayandikira kutha, ankamuimbira foni kuti apitirize chaka china. Pa ntchito yosunga makasitomala imeneyi panalibe wofanana nawo. Iwo eni ake anakwera ndege kawiri kokha moyo wawo wonse.

Munthu ayenera kuchenjera ndi chisoni, pakuti sichiyenda chokha. Chimalowa m'nyumba ndi mng'ono wake, nsanje, ndipo wofedwa akapanda kukhala maso amayamba kuzenga mlandu munthu amene sangathenso kudziyankhira. A Mawotchi anagwa m'mbuna imeneyi dzulo lake, pamene anapeza buku lachikuto chakuda, lomangidwa ndi labala, m'chikwama chimene chinabwerera kuchokera kuchipatala. Anawerenga masamba ochepa oyambirira, n'kulitseka ali wowawidwa. Tsopano analitulutsa m'thumba la jekete n'kulitsegulanso.

"Tamvani nonse awiri," anatero, akuwerenga mokweza ngati woweruza. "'Dokotala wa mafupa: mpando wa pawindo, khofi wopanda shuga. Osamufunsa za mwana wake wamwamuna. Wapitiriza. Wapitiriza. Wapitiriza.' Mwamva? 'Mayi wogulitsa nsalu: amaopa ndege ngakhale wakwera kambirimbiri. Kucheza naye za zidzukulu mpaka aitanidwe.' Nanga uyu: 'Injiniya wamtali: amanena kuti asiya chaka chilichonse. Safuna kuchotseredwa mtengo, amafuna kupemphedwa.'"

"Ameneyo ndiye wa mabafa uja," anatero mlamu wawo.

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala nawo m'nyumba muno amayi ako," anapitiriza a Mawotchi, akuyang'ana mwana wawo. "Sanandifunsepo tsiku limodzi kuti ndimakonda mpando uti."

"Akufunseni bwanji, alamu, mpando wake ndi womwewo mwaubowolawo?"

Mwana uja anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya bambo ake anadziletsa.

"Amachoka m'bandakucha," anatero a Mawotchi, mawu atatsika. "Amabwerako atatopa, kumwetulira konse atakugawa kwa anthu a masutikesi. Kwa ine kumafika zotsala. Ndinkati mwina ndi ntchito chabe. Lero ndaona kuti unali mtima. Munthu salemba chonchi za anthu amene sawakonda."

"Abwana a ku launji akubwera teni koloko kudzapempha bukulo, Bambo. Ndinakuuzani dzulo."

"Adzapeza phulusa."

Abwanawo anafika nthawi yake yeniyeni. Anali mayi wocheperapo msinkhu kwa malemu, atavala yunifolomu ya kuntchito, maso ake ali otupa. Anapepesa maliro mwaulemu, nakhala kumapeto kwa mpando, chikwama chili pamiyendo. Mlamu anapita kukateleka madzi a tiyi. Kwa kanthawi ndithu m'chipindamo munkangomveka wotchi ya pakhoma.

"Bambo, ndabwera ndi manyazi," anayamba abwanawo. "Si nthawi yake yolankhula za ntchito. Koma ine amene mukundionayu anandiphunzitsa ndi mayi. Tsiku langa loyamba ndinapatsa membala khofi atapempha tiyi, ndipo mayi anauza munthuyo kuti olakwa ndi iwo."

"Makompyuta muli nawo," anatero a Mawotchi. "Mukufuna chiyani m'buku la munthu wakufa?"

"Kompyuta imadziwa dzina la munthu, nambala ya khadi ndi maulendo amene wayenda. Sidziwa kuti uyu mkazi wake anamwalira chaka chatha, choncho tisamufunse kuti bwanji mwabwera nokha. Uno ndi mwezi umene makadi ambiri amatha. Chidwalireni mayi, mamembala oposa makumi anayi sanapitirize. Tikawaimbira amati, 'Tipatseni mayi aja.' Akuluakulu akuti zikapitirira chonchi achotsa ntchito yoimba foni, azingotumiza mauthenga a makina. Mayi anakana zimenezo kwa zaka zisanu. Ankati munthu sabwerera chifukwa cha mpando wofewa, amabwerera kumene akumudziwa."

"Anakuuzani zoona," anatero a Mawotchi. "Koma kudziwako kunathera kwa inu. Munawadya ali moyo, mayi, ndipo mwabwera kudzawadyanso atafa. Ine sindilola."

"Bambo, chonde," anatero mwana wawo. "Ntchito ya Amayi yonse ili m'menemo."

"N'chifukwa chake."

Anaimirira, natenga bukulo ndi dzanja lamanja, nalunjika kukhitchini kumene moto wa chitofu unali kuyaka pansi pa ketulo. Sanayende mapazi atatu. Dzanjalo linanjenjemera, bukulo linapulumuka n'kugwa chafufumimba, masamba akumapeto atatseguka. Iwo anafulumira kubisa dzanjalo m'thumba la jekete.

Mwana wawo anawerama kulitola. Ataliwongola anaima chilili, maso ali patsamba.

"Bweretsa kuno."

"Bambo, kodi munawerenga mpaka kumapeto?"

"Ndinawerenga zokwanira."

"Simunawerenge." Analoza patsambalo ndi chala. "Pano alemba kuti, 'Mamembala a m'nyumba mwanga.'"

Mlamu anatulukira pakhomo la khitchini. Abwana aja anadzuka kuti atuluke panja, koma mlamuyo anawakodola kuti akhale.

"'Mwana wanga,'" anawerenga mphunzitsiyo. "'Akanena kawiri kuti zonse zili bwino, ndiye kuti sizili bwino. Osamufunsa pafoni. Kupita.'" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "'Mng'ono wanga: amaseka kwambiri akakhala ndi mantha. Kumusiya aseke.'"

"Bodza limenelo," anatero mlamu, naseka, kenako anadziphimba kumaso ndi nsalu yopukutira mbale ija.

"Nanga ine mzere wanga uli pati?" anafunsa a Mawotchi mwaukali wosakhazikika. "Kapena ndinalibe khadi?"

"Inu mulibe mzere, Bambo. Muli ndi masamba asanu ndi limodzi."

Anthu ambiri amaweruza buku atawerenga chiyambi chake, ndipo amaweruza banja lawo chimodzimodzi. Amene wakhala ndi mnzake nthawi yaitali asadzinamize kuti chikondi chimafunsa mafunso. Mlendo ndiye amafunsidwa chimene akufuna. Wa m'nyumba amangochipeza chili pamalo pake, ndipo ngozi yake ndi yakuti amayamba kuganiza kuti chinadziika chokha.

"'Bambo a mwana,'" anawerenga mwanayo. "'Akakhala chete sanakwiye, akuganiza. Kuwapatsa mphindi khumi. Nyuzipepala ayambe ndi iwo, ngakhale ine ndaiwerenga kale kuntchito. Wotchi ya pakhoma anaipititsa patsogolo ndi mphindi zisanu kuti ndisamachedwe basi. Akuganiza kuti sindidziwa. Osawauza.'"

A Mawotchi anayang'ana wotchi ija, kenako anabwerera pang'onopang'ono kumpando wawo wobowoka nakhala pansi.

"Pitiriza," anatero.

Mwanayo anatembenuza tsamba, nawerenga chamumtima, nazengereza.

"Ndati pitiriza."

"'Dzanja lamanja layamba kunjenjemera. Akuti atseka shopu chifukwa cha maso. Osawatsutsa. Dzanja limenelo ndilo linatidyetsa, aloleni alilire mwa njira yawo. Malaya: kugula a mabatani akuluakulu. Msuzi: m'mbale yakuya. Tiyi: osadzaza kapu, chogwirira chiloze kumanzere. Kuchita zimenezi iwo akuyang'ana kwina.'"

Ketulo inayamba kulira kukhitchini, ndipo mlamu anapita kukaiphula. A Mawotchi anatulutsa dzanja lija m'thumba, naliika pabondo poyera, likunjenjemera monga linkachitira kwa zaka zitatu. Analiyang'ana ngati akuliona koyamba.

"Ndinkati ndawabisira," anatero. "Ndinkati ndine wochenjera."

"Pali zinanso pansi pake, Bambo. Alemba tsiku la ukwati wanu, chaka ndi chaka, kuyambira pamene anayamba ntchito. Patsogolo pa chaka chilichonse alemba kuti, 'Apitiriza.' Kenako, 'Inenso.'"

"Zoona, akulu anga anali katswiri," anatero mlamu ali kukhitchini. "Kusunga kasitomala wovuta chonchi zaka zonsezi, osamuchotsera ngakhale mtengo!"

A Mawotchi anatulutsa mawu amene sanali kuseka kapena kulira, koma pakati pake. Anakhala chete kwa nthawi, ndipo mwana wawo, pokumbukira zimene anali atangowerenga, sanawafulumize.

"M'dirowa ya pansi muli kabokosi ka zipangizo zanga," anatero pomaliza. "Tenga kampeni kakang'ono kaja. Udule masamba a m'nyumba muno, motsatira ulusi, osang'amba. Ndikanadula ndekha, koma waona."

Mwanayo anadula masambawo mosamala, bambo ake akumulangiza pogwira. Atatha, a Mawotchi anawapinda n'kuwaika m'thumba la pamtima. Kenako anamanganso bukulo ndi labala lija, nalipereka kwa abwana ndi manja awiri.

"Mayi, mundikhululukire mawu anga aja. Koma mverani chenjezo langa. Muli zinsinsi za anthu m'menemu. Lisalowe m'kompyuta, lisajambulidwe, ndipo wolowa m'malo mwawo aliwerenge atakhala pansi, osati ali chiimire. Akaligwiritsa ntchito ngati nyambo yokolera anthu, adzaona kuti siligwira. Mwini wake sankakola anthu."

"Ndamva, Bambo. Ndilisunga ndekha."

"Chinanso. Pali injiniya wamtali amene khadi lake likutha Lachisanu. Ndamutuma kukasamba kwa ena m'mawa uno. Mundisiyire nambala yake, ndimupepese. Inu mumuimbire mawa. Musamuchotsere mtengo. Mumupemphe."

Abwanawo anamwetulira misozi ili m'masaya, nalemba nambalayo kuseri kwa envulopu ya chipepeso.

Mlamu analowa ndi thireyi. Anapatsa mlendo kapu yake, kenako anaika ina patsogolo pa a Mawotchi, yodzaza mpaka m'milomo, chogwirira chitaloza kumanja, monga anachitira masiku anayi onsewo. A Mawotchi anaiyang'ana kapuyo. Kenako anatembenuza nkhope yawo dala, nayamba kuyang'ana wotchi ya pakhoma, imene inali idakali patsogolo ndi mphindi zisanu.

Mwana wawo anatenga kapuyo mwakachetechete, napungulira tiyi pang'ono m'kapu yake, naibwezera pasosala. Ndi chala chimodzi anaizunguliza mpaka chogwirira chinaloza kumanzere.