Makuni a Mayi Ezelina

Makuponi a feteleza atafika ku Chisemphere, mudzi wonse unasanduka wa mutu umodzi. Mayi Ezelina, wapampando wa gulu losamala nkhalango, nawonso anathamangira ku mzere chitenje chili m'manja.

Mayiwa anatha zaka zisanu ndi chimodzi akuyenda khomo ndi khomo, kupempha eni minda kuti asiye mitengo ya m'mbali mwa khwawa. Nkhani yake inali ya achanga, tinyama ta maso aakulu tija. Changa amayenda nthambi ndi nthambi, ndiye mitengo ikadukiza, ulendo wake wathera pomwepo. Eni minda khumi anavomera. Anavuta ndi a Uthman a golosale, amene munda wawo unali pakati penipeni, koma nawo pamapeto pake anagwedeza mutu. Dzulo lake Ezelina anapaka penti wofiira mitengo yoti isadulidwe, mpaka chitini chinauma.

Panjira yopita ku mzere kuja anakumana ndi a Esau, tenanti watsopano wa a Uthman, wochokera ku Dedza.

"A Esau, makuni ndapenta aja ndi anu tsopano, bwana wanu avomera," anatero osaima n'komwe. "Muyambe lero kuwaona."

Mzere wa makuponi mukuudziwa. Lero akuti mawa, mawa akuti maina asokonekera. Linali tsiku lachitatu masana pamene Ezelina anatsikira kukhwawa, kuponi ili pachifuwa.

Anaona dzuwa pamene panali mthunzi. Anaima. Poyamba anaganiza kuti asochera, koma khwawa linali lomwelo, mwala wochapirapo womwewo. Misuku, mitondo, mithethe imene achanga amanyambita utomoni wake, yonse inali zitsa zoyera. Anangokhala pansi kukamwa kuli yasa.

A Esau anatulukira nkhwangwa ili paphewa, nkhope ikuwala ngati munthu woyembekeza kuyamikidwa. Kumbuyo kwawo kunali milu isanu ya nkhuni yosanjidwa bwino, penti wofiira akuonekera uku ndi uku.

"Mayi, nkhuni zanu zija ndamaliza. Chaka chino fodya tiwotcha osavutika."

"Nkhuni?" Mawu anatuluka ngati a munthu wina. "Ine ndinati chiyani kwa inu?"

"Munati nkhuni mwapentazo ndi zathu. Kungoti munazitchula mwakwanuko, makuni."

Kalanga ine, pakamwa! Ezelina ndi mwana wa ku Nkhamenya, ndipo akafulumira lilime limabwerera kwa mayi awo. M'Chitumbuka makuni ndi mitengo, yamoyo, yoimirira ndi masamba ake. Munthu wa ku Dedza akanadziwira kuti? Ezelina anafuna wina woti amukalipire, anayang'ana uku, anayang'ana uko, wolakwa osamupeza. Zimenezo ndiye zinawapweteka koposa.

A Esau atamva tanthauzo lake, nkhwangwa inagwa yokha. Anavula chipewa, nachipinda, nachipindanso.

"Umodzi ndausiya," anatero chapansipansi. "Unalibe penti."

Analoza muwanga wakale wamphako, umene Ezelina anaufika penti atatha. Onse awiri anayandikira mwakachetechete. Changa saoneka masana, aliyense amadziwa zimenezo. Koma pakhomo pa mphakoyo panali maso asanu ndi atatu, othinana, ali tong'o padzuwa, akuyang'ana kutsidya kumene mitengo ya eni minda ena ikuyambira. Pakati pake panalibe nthambi ngakhale imodzi.