Masewera Omaliza a Mlonda

Ine ndi mlamu wanga timasankha timu ndi zitsekerero za mabotolo. Timaziyala pa desiki, zisanu kutsogolo, zotsalazo m'mbali. Zisanuzo ndi anyamata oyamba masewera, za m'mbalizo ndi a pa benchi. Ndachita chonchi chiyambireni kuphunzitsa basiketibolo pa koleji ino. Mlamuyo ndi mchimwene wake wamng'ono wa malemu mkazi wanga, ndipo ndi amene amandithandiza ntchitoyi. Iye amalankhula, ine ndimamvetsera. Timagwirizana motero.

Sabata ya masewera omaliza a chaka, mlamu anatola chitsekerero chopindika n'kuchiika kutsogolo. Chimenecho chinali cha Mlonda. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa amati benchi yathu singabedwe iye alipo. Anali m'chaka chomaliza. Zaka zonsezi analowapo m'bwalo kangapo chabe, konse koyenda, titaluza kale. Pa bwalo lathu anali asanasewerepo.

Ndinabweza chitsekererocho m'mbali.

Mlamu anachikankhiranso kutsogolo. Anati mnyamatayo ayambe, athamange mphindi ziwiri, kenako timutulutse, palibe chingaonongeke. Anati bambo ake atseka galaja Loweruka kuti adzamuone koyamba. Anandikumbutsa kuti Mlonda sanajombepo ku maphunziro, amapopa mipira, amakolopa thukuta la anzake pansi, ndipo akaika thupi lake panjira mdani sadutsa. Zonsezo zinali zoona. Zinalinso zoona kuti mapazi ake ndi olemera, kuti timu imene tinkakumana nayo ili ndi anyamata othamanga ngati akuba, komanso kuti tikagonja titsika ligi.

"Alowa," ndinatero. "Tikatsogola bwino."

"Bwino wanu ndi mapointi angati, alamu?"

"Khumi."

Anaseka mopanda chimwemwe. Anati khumi langa amalidziwa, limabereka ana. Kenako anayamba kunena zoti achemwali ake akanakhala moyo, koma ndinamuyang'ana ndipo anasiyira pomwepo. Anatenga kapu yake ya tiyi n'kutuluka.

Ku chipinda chovalira nako nkhani inali yomweyo, ya mphindi zosewera. Imakhala yomweyo chaka chilichonse, amangosintha ndi eni pakamwa. Wina amati ndimamutulutsa dzanja litangotentha. Wina amati msuweni wake wa ku koleji ina amasewera masewera onse pomwe sadziwa n'kugwira mpira komwe. Kambewa, kamnyamata kafupi kamene kamatiyendetsera mpira, ankadandaula zosiyana ndi anzake: ankati ndimupha, miyendo yake si ya boma. Mlonda ankangomanga zingwe za nsapato. Atamufunsa maganizo ake, anati iye mphindi zake akusunga ku banki, adzatapa zonse pamodzi. Anaseka onse. Ine ndinali pakhomo, ndikumva zonsezi.

Tsiku limenelo tinabwerezanso zimene ndimazitcha kutseka chitseko. Tikamatsogola nthawi itatsala pang'ono, mpira umapita kwa Kambewa. Saponya, sapatsira mwachisawawa, sayang'ana ku benchi. Amapereka msana kwa ife, maso pa wotchi, mpaka huta yothetsa masewera italira. Lamuloli ndinaliika titaluzapo masewera chifukwa mnyamata wina anatembenuka kuti amve zimene mnzake wa pa benchi ankakuwa. Wophwanya lamuloli amakwera masitepe a holo mpaka kusanza. Kambewa anakwerapo kamodzi. Sanabwerezenso.

Loweruka masana holo inadzaza. Mafani a kudenga ankangozunguza mpweya wotentha womwewo. Bambo ake a Mlonda ndinawazindikira msanga. Anakhala mzere wachiwiri, malaya ositidwa bwino, chipewa pa bondo.

Alendowo anatithamangitsa monga ndinanenera. Pofika pa kupuma ankatsogola ndi iwo. Kota yachitatu tinawapeza, yachinayi tinawadutsa. Titafika pa khumi, mlamu anandigunda ndi chigongono. Nthawi inali idakalipo yambiri, ndiye ndinapukusa mutu. Alendo anamwetsa ya mapointi atatu, n'kubwerezanso. Ndinamuyang'ana mlamu kuti aone yekha. Iye anayang'ana pansi.

Tinakweranso. Khumi, khumi ndi awiri. Mlamu anati, "Alamu, mwana uja." Ndinati tidikire kaye wochitidwa faulo aponye ma fulii awa, mipira yoponya popanda womutchinga. Ataponya, ndinati tione kaye ulendo umodzi wa alendowa. Ana a sukulu kumbuyo kwathu anayamba kuimba dzina la Mlonda, akumenya mabenchi. Sindikonda kuuzidwa zochita ndi anthu oimba. Ndinadikiranso ulendo wina.

Itatsala nthawi yosakwana mphindi, ndinatembenukira Mlonda.

"Pita."

Anadzuka ngati wakhala pa moto. Zipi ya jekete inakana, anaivulira kumutu. Anathamangira ku tebulo la olemba zigoli, n'kugwada bondo limodzi pambali pa mzere, monga amachitira aliyense wodikira kulowa.

M'masewerawa munthu salowa pamene wafunira. Amadikira wezulo ilire, mpira utuluke kunja kapena wina achite faulo. Ngakhale ine sindingaimitse masewera mpira uli m'manja mwa osewera. Nthawi zambiri sizitenga nthawi, wezulo imalira pafupipafupi mpaka kutopetsa.

Alendo anaponya, mpira unagunda chitsulo, Kambewa anaulumphira n'kuugwira. Anadutsa nawo pakati pa bwalo, anaima, n'kutipatsa msana. Alendowo anali atavomereza kugonja. Palibe amene anamuthamangira, palibe amene anamukhudza. Wina anagwira m'chiuno, wina anayamba kale kupatsa anyamata athu moni wa m'manja. Oimbira anali ndi wezulo pakamwa, koma panalibe choimbira.

Mlamu anadumpha, akukuwa kuti Kambewa autaye kunja mpirawo. A pa benchi onse anaimirira, akukupiza matawulo. Inenso ndinaima. Ndinakuwa dzina lake. Anyamata amene anali pafupi nane anatembenuka kundiyang'ana, chifukwa anali asanamvepo mawu anga atakwera chotero. Koma holo yonse inkawerenga masekondi mokweza, ndipo Kambewa ankangodunda mpira, maso pa wotchi, msana uli gwa.

Huta inalira. Mlonda anali chigwadire.

Anthu anakhamukira m'bwalo. Sitinatsike ligi. Akuluakulu a koleji anandigwira chanza, wina anandisisita paphewa. Pakati pa miyendo ya anthu ndinaona Mlonda akudzuka pang'onopang'ono, akupukuta fumbi pa bondo. Analowa m'bwalo kukakumbatira anzake.

Kambewa anamva nkhaniyi ali m'khonde. Anabwera kwa ine nkhope itagwa, akuti sanaone, akanadziwa akanauponya mpirawo mpaka kudenga. Ndinamuuza kuti wachita zimene ndinamuphunzitsa. Sizinamutonthoze. Mlamu anatidutsa atanyamula thumba la mipira, osandiyang'ana. Ndinadziwa kuti Lamulungu sabwera kunyumba kudzadya nane monga amachitira.

Bambo ake a Mlonda anandidikira pa khomo la chipinda chovalira. Dzanja lawo linali lolimba, oilo atakhazikika m'mizere ya zala. Anandithokoza powasungira mwana zaka zonsezi. Kenako anafunsa mwaulemu ngati kugwada kuja ndi mbali ya masewera, chifukwa iwo mpira umenewu saudziwa. Ndinawafotokozera za wezulo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye kuti anatsala pang'ono," anatero.

"Pang'ono, bambo."

Anagwedeza mutu, navala chipewa. Anati akamudikirira panja, m'holomo mukutentha.

M'chipindamo phokoso linali litachepa. Anyamata ankavula majezi onyowa n'kumaponya mu dengu la zochapa lili pakati. Ine ndinaima pafupi ndi dengulo, monga ndimachitira, kuonetsetsa kuti onse abweza. Ndinkafuna kunena kanthu kwa Mlonda. 

Iye anavula jezi yake, anaipinda bwinobwino, n'kundipatsira m'manja.

"Iyi musavutike nayo, Kochi. Sinade."

Wina anayamba kuseka, n'kusiya. Mlonda anakoleka chikwama paphewa, anamenya Kambewa kambama kakang'ono pamutu n'kumuuza kuti asiye kulira ngati wafedwa, wapambanitsa timu. Anatuluka kukapeza bambo ake.

Onse atapita ndinakhala pa benchi, jeziyo ili pamiyendo. Inkanunkhira sopo. Mayi wochapa anabwera ndi ngolo yake, nandifunsa ngati imeneyonso ndi yopita.

"Ndi yopita," ndinatero.

Anaitambasula, anaiyang'ana uku ndi uku, nati ilibe ndi kadontho komwe.

"Chapani," ndinatero.