Foni ya Agogo ndi Manyazi a Tekber

Tekber anamupeza mwana wake Ezza kuseri kwa thanki ya madzi, atakhala pamchenga, foni ya agogo ake ili m'manja. Mawu anali atatsitsidwa. Chimenecho ndicho chinamudabwitsa, chifukwa ndakatulo za m'foni imeneyo masiku onse zinkamveka mpaka kwa aneba.

"Iwe, ukuonera chiyani?"

Mwanayo sanabise n'komwe. Anangotembenuza foniyo. "Zimangobwera zokha, amayi. Ndikadina kuti zichoke, zimabwera zina. Kodi anthuwa kwawo kulibe zovala?"

Tekber anayang'ana kamodzi kokha. Zolaula! Zolaula zenizeni, m'manja mwa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, dzuwa likuswa mtengo. Anaitsomphola foniyo n'kuizimitsa.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Sabata yatha. Agogo amati ndiziwatsegulira ndakatulo poti maso awo saona timalemba. Akagona tulo ndimabwera nayo kuno."

Agogowo anali a Deddahi, bambo ake a Tekber. Anabwera kumzinda wa Nouakchott kuchokera kwawo ku Tagant mayi ake a Tekber atamwalira, n'kukhoma tenti pabwalo, amvekere iwo sagona pansi pa simenti ngati mtembo. Zonse za m'tauni anazipirira, kupatula chimodzi: mdzukulu wawo kubwera kusukulu n'kuwapatsa moni wa Chifalansa. Tsiku lomwelo anakagula foni kuti mwana azimvera ndakatulo za makolo m'Chiarabu chenicheni.

"Mwarabu ndi zinthu ziwiri basi," ankatero akusisita ndevu, "lilime lake ndi manyazi ake. Zina zonse ndi ngamila, zimagulidwa pamsika."

Manyazi amenewo, amene kwathu timawatcha sahwa, ndi amene anamumanga Tekber pakamwa. Mwana wamkazi satchula za mwamuna ndi mkazi pamaso pa bambo ake, ngakhale mozungulira. Tekber ali ndi pakati pa Ezza anabisa mimba m'nsalu miyezi isanu ndi inayi, bambo ake nawo n'kumanamizira kuti sakuona. Tsono lero akawayambe bwanji?

Anadikira mwamuna wake, Isselmou, amene analowa masana kudzera khomo lakuseri, nsapato zili m'manja. Chibwerere apongozi ake, bamboyu khomo lakumaso anali ataliiwala. Mkamwini sadya, sasuta, sakweza mawu pamene pali apongozi, ndipo Isselmou mwambo umenewu ankausunga mpaka kunyanya.

Tekber atamufotokozera monong'ona, Isselmou anagwira mutu. "Mulungu atikhululukire! Ndiye mukawauze msanga, mayi a Ezza."

"Ndikawauze ine? Inu si bambo wa mwanayu?"

"Aa, inu! Ine amene sindinakhosomolepo pamaso pawo zaka khumi, ndikayambe ndi nkhani imeneyo? Bola mundikwirire wamoyo."

"Wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima, bambo."

"Mphenzi imeneyo ndi yanu, munabadwa nayo," anatero Isselmou akusuzumira pawindo. "Komabe kumsika wa mafoni kuli anyamata amene amatseka zoterezi. Mungondipezera foniyo, zinazo n'zanga."

Apa Tekber anapumirako. Foniyo anaikwirira m'thumba la mpunga kuti mwamuna wake apite nayo m'mawa, ndipo bambo ake atafunsa anati sanaione. Koma bodza lake silinagone. A Deddahi anali atayatsa kale kudzera mwa mdzukulu wawo zokumbutsa nthawi ya mapemphero m'foniyo, ndipo mwanayo, pofuna kuthandiza agogo ake, anakaivumbulula n'kuiyatsa, n'kuibwezera momwemo poopa amayi ake. Nthawi ya swala itakwana, thumba la mpunga linayamba kuitanira anthu ku mapemphero.

A Deddahi anaivuula okha, akukutumula timpunga. "Ndikudziwa," anatero mozizira. "Chiarabu chikukusokosani m'nyumba muno. Mukufuna mwana akule ngati mzungu wakuda nsidze, wosadziwa dzina la agogo a agogo ake."

"Si choncho, ababa."

"Nanga n'chiyani?"

Tekber anawerama n'kuyamba kutola mpunga umene unatayika. Kuyambira tsikulo foni inamangidwa ndi chingwe kuthumba la mkanjo wa a Deddahi, ndipo inkamasulidwa pofuna kupatsa Ezza yekha.

Anathamangira kwa azakhali ake, a Mbarka, mlongo wawo wa a Deddahi, poganiza kuti anthu a mimba imodzi, okalamba onse, angauzane. Azakhaliwo anamvetsera atatseka pakamwa ndi nsalu, n'kulonjeza kuti akalankhula mosapsatira. Anabweradi. Anamwa matambula atatu a tiyi, anakamba za mvula ya ku Tagant, za mtengo wa mbuzi, za anthu onse amene anamwalira chaka chino, ndipo atavala kale nsapato anati, "Achimwene, akuti mafoniwa amawononga maso a ana."

M'mawa mwake a Deddahi anapita kumsika n'kubwera ndi magalasi akuda a mwana.

Ha! Tekber anafuna kudzimenyetsa kukhoma. Masiku anayi anatha akulondalonda mwana ngati wapolisi. Mpunga unapserera kawiri. Akangomva kuti ndakatulo zasiya kumveka, ankasiya chilichonse n'kuthamanga. Ezza naye anayamba kusintha: ankabisa foni kumbuyo amayi ake akatulukira, ndipo tsiku lina Tekber anamumva akuuza mwana wa aneba kuti abwere adzamuonetse chinthu. Apa m'pamene Tekber anachita mantha enieni.

"Manyazi anapha Lambe," anauza mwamuna wake kukhitchini. "Ife atiphera mwana."

"Tiyeni tidikire apite kumzikiti ataiwala mkanjo."

"Apite kumzikiti opanda mkanjo? Mukudzimva koma?"

Madzulo a tsiku lachisanu anakhala m'tenti akuwafulira bambo ake tiyi, monga mwa masiku onse. Iyi ndiyo nthawi imene ankaikonda chibwerere bambowo: awiriwiri, iye akuthira tiyi kuchoka m'tambula ina kupita m'inzake mpaka thovu litakwera, iwo akumusimbira za mayi ake ali mtsikana. Anawapatsa tambula yoyamba. Asanamwe, anamasula chingwe chija n'kuitana mdzukulu.

"Ezza, vala magalasi ako. Pita pamthunzi ukamvere, ubwere utaloweza mizere inayi."

Mwanayo anatambasula dzanja mofulumira kwambiri, ndipo kufulumira kumeneko n'kumene kunamuthera Tekber nzeru zonse.

"Siya! Pita ukawapatse madzi mbuzi. Tsopano lino!"

Ezza anathawa. A Deddahi anatsala atanyamula foni m'mwamba, akumuyang'ana mwana wawo ngati wayaluka. Tekber anakokera nsalu kumaso, anatembenuka n'kuyang'ana nsanamira ya tenti, n'kulankhula kwa nsanamirayo.

"Ababa, si maso ayi. M'foni mwanumo mumatuluka makanema a amuna ndi akazi ali maliseche, akuchita za m'chipinda. Ezza wakhala akuonera masabata awiri, inu mukagona. Dzana amaitanira mwana wa eni ake kuti adzaone nawo."

Kuseri kwa chitseko kunamveka nsapato zikugwa, kenako mapazi akuthamangira khomo lakuseri. Ameneyo anali Isselmou, mwamuna wa pakhomo.

"Munati Mwarabu ndi lilime lake ndi manyazi ake," Tekber anapitiriza ndi mkwiyo komanso misozi. "Ndayesa mpunga, ndayesa azakhali, ndalephera. Anga manyazi ndawataya lero kuti a mwanayu atsale. Mundikhululukire."

Ketulo inkawira pamakala, tiyi wachiwiri akusefukira. Tekber anamva mkanjo ukukhwekhwereza, ndipo atacheuka anaona msana wa bambo ake ukutuluka pachipata. Tambula yoyamba inali chikhalire, yodzaza. Kwathu munthu sanyamuka tambula yachitatu isanafike, ngakhale ali kwa mdani.

M'mawa anaipeza foniyo pa mbale ya matambula, chingwe chake chitadulidwa ndi mpeni. M'tenti munkamveka mawu awiri, okalamba ndi aang'ono. A Deddahi anali atatulutsa m'bokosi thabwa lawo lakale lolembapo, limene anaphunzirirapo ali mwana, ndipo ankalakatula kuchokera m'mutu, Ezza akubwereza n'kumalemba ndi inki. Kunapezeka kuti ndakatulo zonse zija anali nazo kale, zoposa za m'foni.

Mtima wa Tekber unakhala pansi. Anayatsa makala, anafula tiyi, n'kupereka tambula ndi manja awiri. "Mwadzuka bwanji, ababa?"

A Deddahi sanamuyang'ane. Analandira tambula maso ali pathabwa.

"Ezza, uwauze amayi ako kuti ndadzuka bwino."

Tekber anaganiza kuti n'za tsiku limodzi. Sabata inatha, mwezi unatha. Bambowo sanakwiye, sananyoze, matambula onse atatu ankamwa. Kungoti maso awo ndi a mwana wawo sanakumanenso, ndipo nkhani za mayi ake ali mtsikana zinathera pomwepo. Isselmou, amene anapita ndi foni kwa anyamata aja n'kubwera akudzitama ngati wapha mkango, anati zimenezo ndi ulemu chabe, azolowera. Tekber anangomuyang'ana mpaka anakatulukira khomo lake lakuseri.

Madzulo ena Ezza analakatula mizere makumi awiri osaphonya, ndipo nkhalamba inaseka mpaka kuoneka nkhama. Kenako inalawa tiyi n'kukwinya nkhope.

"Uwauze amayi ako kuti shuga wachepa."

Amayi akewo anali pomwepo, potalika mkono umodzi. Tekber anafuna kuponya ketulo pamchenga. Anayang'ana mwana wake, zala zili bii ndi inki, akudikira kuti anyamule uthenga kupita nawo mbali inayo ya mphasa. Anatapa shuga n'kuthira.

"Uwauze agogo ako," anatero, "kuti ndamva."