Lamulo Lomwe Silinali pa Furiji

Malamulo a Anti anali pachitseko cha furiji, atamatidwa ndi selotepi yemwe anachita chikasu kalekale. Analipo khumi ndi limodzi, olembedwa pamanja, ndipo kholo lililonse lobweretsa mwana koyamba linkawawerenga choimirira, Anti atapinda manja pambali pake. Nsapato zizivulidwa pakhomo. Mwana wotentha thupi akhale kwawo, ngakhale kuntchito kwanu kubuke moto. Kapu iliyonse ilembedwe dzina. Maswiti ayi. Kujambula ana pafoni ayi. Ikakwana hafu pasiti faifi mwana aliyense akhale atatengedwa, ndipo pansi pa lamulo limeneli anawonjezerapo ndi bolopeni yofiira kuti, "Ino ndi nyumba ya munthu, si depoti ya basi." Zaka makumi awiri akulera ana a eni pabalaza pawo, panalibe kholo lomwe linawapambanapo pa mkangano wa malamulowa.

Koma panali lamulo lina lomwe silinali pa furiji, ndipo ndi lomwe Anti ankalisunga kuposa onse. Mwana akayamba kuyenda m'nyumba mwawo, iwo sankanena.

Linali ndi chiyambi chake. Ali mtsikana, Anti ankagwira ntchito kufakitale yosoka mayunifomu, ndipo mwana wawo woyamba ankamusiya kwa mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Tsiku lina akufika madzulo, msana ukuwawa, mayi uja anawalandira ndi chimwemwe: "Mwachedwa, anzathu! Mwana wanu wayenda masanawa, tonse taona!" Anti anaseka, anathokoza, kenako anakadzitsekera kubafa n'kulira mpaka madzi a m'ndowa anazizira. Mwanayo lero ali ndi ndevu ndi ana ake, koma mawu oti "tonse taona" sanawachoke m'makutu.

Ndiye kwa Anti zinkayenda chonchi. Mwana akaponya phazi, iwo ankawomba m'manja, n'kumupsompsona, koma m'kabuku ka mwanayo, momwe ankalembamo zomwe wadya, nthawi yomwe wagona ndi matewera omwe asinthidwa, sankalembamo kanthu. Madzulo ankangolitsina khutu kholo: "Mumuyang'anitsitse ameneyu, miyendo ikumuyabwa." Mawa lake kholo linkabwera mano onse pamtunda. "Anti, wayenda dzulo!" Ndipo Anti, wabodza wamkulu, ankagwira pachifuwa: "Zoona? Kuno amangotikanira!" Ana oposa makumi atatu anayenda koyamba kawiri m'moyo wawo, ndipo palibe kholo linadziwa.

Chaka chimenecho m'nyumbamo munali ana asanu ndi mmodzi. Wamkulu anali kamtsikana ka zaka zinayi, mwana wa bambo wometa tsitsi, komwe aliyense ankakatchula kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe batani lozimitsira. Wamng'ono anali Bwana. Dzinali linachokera ku khalidwe lake: chaka ndi miyezi itatu, masaya ngati mabanzi, koma za kuyenda sankazifuna n'komwe. Ankakhala pakati pa kapeti, n'kuloza chidole chomwe akufuna, anzake n'kumubweretsera. Ukamuimiritsa ankakuyang'ana modabwa, ngati wamutukwana, n'kukhalanso pansi bwinobwino.

Amake Bwana ankagwira ntchito pa tilu, polandira ndalama, mushopu yaikulu, kuimirira tsiku lonse. Anali mayi wamng'ono thupi, wokonda kuseka, ndipo za ulesi wa mwana wawo ankaziseka koma zinkawadya mumtima. M'chikwama cha Bwana, pansi pa matewera, munali tinsapato tofiira tomwe timalira tikapondedwa. Anatigula mwana ali ndi miyezi isanu ndi inayi.

"Musamuveke, Anti, mpaka atayenda," ankatero. "Nsapato ndi za anthu ogwira ntchito. Koma akachedwa, titigulitsa kwa anzake."

Kenako miyendo ya amake Bwana inayamba kutupa. Ankati n'kuimirira. Nkhope nayo itatupa anati n'kugona mochedwa. Tsoka silinunkha. Lolemba lina m'malo mwawo anabwera amuna awo, dalaivala wa basi, munthu wamtali wosadziwa kocheza, atanyamula mwana ngati katundu wosweka. Anati mayi agonekedwa kuchipatala, ndi impso, ndipo mu wodi imeneyo ana saloledwa. Anayang'ana furiji, anayang'ana pansi.

"Anti, ndimaweruka sikisi, kenako kuchipatala. Hafu pasiti faifi ija..."

"Ndinalemba ndine, ndifufutanso ndine," anatero Anti. "Mwanayu azigona konkuno. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mubweretse zovala zokwanira, osati tomwe mwanyamulati."

Bamboyo ankadutsa m'mawa uliwonse asanapite kukatenga basi, n'kumunyamula Bwana mphindi zisanu pakhonde, mwana akadali ndi tulo m'maso. Mayiyo ankaimba foni wani koloko, nthawi yomwe ankadziwa kuti ana agona pa timatiresi tawo ndipo Anti akutsuka makapu. Ankafunsa zonse: wadya bwanji, chifuwa chija chatha, akundifunsa? Ndipo pomaliza, tsiku lililonse, funso lomwelo.

"Nanga abwanawo, aganiza zotani pa nkhani ya kuyenda?"

"Akuti fomu yake sanasainebe," ankayankha Anti, onse n'kuseka.

Lachiwiri la sabata yachiwiri, cha m'ma teni koloko, Wailesi anakhala pa sofa akudya nthochi, akufotokozera aliyense za galu wa kwawo. Bwana analoza nthochiyo. Wailesi, pakamwa pali potanganidwa ndi ntchito ziwiri, sanamuone. Bwana analozanso, n'kukuwa. Palibe anabwera. Ndiye anagwira mwendo wa tebulo, anadzuka, anausiya, n'kunyamuka dzandidzandi, manja m'mwamba, nkhope itakwiya. Anti anawerenga mumtima. Masitepe asanu ndi awiri. Anafika, analanda nthochi, anakhala pansi.

"Anti! Bwana wayenda!" anakuwa Wailesi, ana onse n'kuyamba kudumpha.

Anti anamunyamula Bwana, anamufinya mpaka analira, misozi nawo ikulengeza. Kenako anagwada pamaso pa Wailesi.

"Tamvera, mayi. Ichi ndi chinsinsi. Sitinena kwa aliyense mpaka amake Bwana abwere adzaone okha. Wamva?"

"Ngakhale kwa adadi anga?"

"Makamaka kwa adadi ako. Akamva iwo ndiye kuti amva onse ometetsa."

Wani koloko foni inalira. Mawu a mayiyo anali amphamvu tsiku limenelo. Anati kutupa kwayamba kuchepa, ndipo adokotala akuti mwina Loweruka awatulutsa. Loweruka! Masiku anayi okha. Anti anaona kale chithunzi chake: mayi ataima pakhomo, mwana akudzandira kupita kwa iwo, tinsapato tofiira tikutulutsidwa m'chikwama. Ndani angalande mayi wodwala chinthu chotere, n'kumupatsa m'malo mwake mawu a pafoni? Funso lija litabwera, Anti sanazengereze.

"Sanayambe. Mwanayu ndi waulemu, akudikira inu."

"Mwana wanga," anatero mayiyo, akuseka pang'onopang'ono. "Mumuuze ndikubwera."

Lachitatu Bwana anayenda kuchoka pa sofa mpaka kukhitchini, n'kukagwetsa dengu la zovala. Bambo ake akabwera m'mawa mwanayo ankangokakamira pakhosi pawo, osafuna kutsika, ndiye chinsinsi chinkasungika chokha. Wailesi ankayenda atatseka pakamwa ndi manja onse awiri, masaya atatupa, ngati munthu wosunga madzi m'kamwa.

Lachinayi foni inalira itachedwa ndi theka la ola. Mawu anali akutali, opuma pakati. Mayiyo sanafunse za chakudya kapena za chifuwa.

"Anti, ndinalota akuyenda. Amabwera kuno ku bedi, nsapato zija zikulira. Anesi akumuthamangitsa."

Anti anaima pa sinki, manja ali thovu lokhalokha. Kumbuyo kwawo Bwana anali atagona chafufumimba, timapazi tada ndi fumbi la pakhonde.

"Sanayendebe eti?"

Apa ndi pomwe Anti akanayenera kunena. Anadziwa, mtima unawauza, mawu anafika pakhosi. Koma zaka makumi awiri ndi zambiri. Pakamwa pozolowera bodza lokoma pamayankha pokha mwini wake asanaganize, ndipo kunena zoona tsiku limenelo kunali ngati kuvomereza kuti Loweruka kulibe.

"Akudikira inu, mayi. Limbani mtima."

"Ndilimba," anatero mayiyo. "Asatope kudikira."

Foni itaduka Anti anatsuka kapu imodzi katatu. Madzulo onse anakhala akukangana ndi mtima wawo, ndipo kutacha anali atagonja. Lamulo ndi la anthu amoyo wathanzi, omwe madzulo amabwera pageti. Lachisanu m'mawa anathyola malamulo awiri nthawi imodzi: anatenga foni, anamuika Bwana kumapeto kwa kapeti, Wailesi atagwira nthochi mbali inayo, n'kujambula. Masitepe khumi ndi anayi, kugwa kamodzi, kudzuka yekha. Anafuna kutumiza pomwepo, koma anati ayi, kanema wofika mwadzidzidzi angamudzidzimutse wodwala. Aimbe kaye wani koloko, ndimupepese, ndimuuze ndi pakamwa panga, kenako aone.

Ana anadya. Anasamba m'manja pamzere. Anagona pa timatiresi tawo, makatani atatsekedwa. Bwana yekha anakana tulo, ndiye Anti anatuluka naye pakhonde kuti asadzutse anzake. Wani koloko inakwana. Hafu pasiti wani. Anti anaimba okha, foni inangolira osayankhidwa. Anaimbanso. Akuti ayesenso kachitatu, anamva geti likutsegulidwa.

Anali bambo ake a Bwana, masana, tsiku la ntchito, opanda yunifomu. M'dzanja ananyamula jumbo, ndipo m'jumbomo munkaoneka bulangete, kapu ya pulasitiki ndi masilipasi achikazi. Anti anadziwa pomwepo. Munthu sabwera ndi masilipasi a wodwala kunyumba wodwalayo akadali ndi poponda.

"Atisiya, Anti," anatero bamboyo. "Cha m'ma leveni."

Anti anakhala pa sitepe ya khonde, n'kumutsitsa mwana pansi kuti angamugwetse. Leveni koloko. Kanema uja anajambulidwa naini isanakwane. Foni inali m'thumba la epuloni, ikuwotcha pantchafu.

Bwana anaona bambo ake ataima patali, osabwera kudzamunyamula ngati masiku onse. Analoza. Anakuwa. Kenako, mwaukali wake uja, anagwira bondo la Anti, anadzuka, n'kuyamba kuyenda pa simenti kulowera kugeti.

Jumbo inagwa pansi. Bamboyo anagwada, anatambasula manja, pakamwa pali yasa, ndipo mwana atafika anamukumbatira n'kulira kulira kwa mwamuna yemwe wadzigwira milungu iwiri. Analira mpaka Bwana anadabwa n'kuyamba kuwasisita tsitsi.

"Maola awiri okha," ankatero. "Wachedwa ndi maola awiri okha, mwanawe. Dzulo madzulo amako amandiuza kuti, mwana wanga ndi waulemu, akundidikira. Amanyadira, Anti, amauza ndi odwala anzawo." Anapukuta nkhope ndi mkono wa shati, n'kuwayang'ana Anti. "Wayamba liti?"

Anti anayang'ana bamboyo. Akanena zoona, munthuyu adzakhala moyo wake wonse akudziwa kuti mkazi wake akanatha kuona, akanatha kuonetsa anesi ndi odwala anzake, akanapita akudziwa. Katundu ameneyo anali wa Anti, ndipo panalibe chifukwa chomusenzetsa wina. Bodza lomwe analinena kokwana makumi atatu akumwetulira, tsopano analinena mtima ukung'ambika.

"Pompano," anatero. "Inu ndinu oyamba kuona."

Bamboyo anagwedeza mutu. Anapempha chikwama cha mwana, ndipo Anti analowa mwakachetechete, kudutsa pakati pa ana ogona, n'kukachitenga. Analongedzamo zovala, kapu yolembedwa dzina ndi kabuku kaja, momwe tsamba la Lachiwiri linkanena za phala, nthochi ndi matewera atatu basi. Bamboyo anapisa dzanja pansi pa matewera, anatulutsa tinsapato tofiira, n'kumuveka mwana. Tinali titayamba kuthina.

Anatuluka pageti atagwirana dzanja, wamtali atawerama, wamng'ono akudzandira, tinsapato tikulira pa sitepe iliyonse. Anti anaima pomwepo mpaka kulirako kunasiya kumveka.

Wotchi ya pabalaza inali itakwana thu koloko, nthawi yodzutsa ana kuti adye zipatso. Anti anasamba kumaso pa sinki, anatsegula makatani, anayamba kupinda timabulangete. Wailesi anadzuka woyamba, monga mwa masiku onse. Anayang'ana matiresi a Bwana, anaona kuti chikwama chake palibe pa msomali, ndipo nkhope yake inawala.

"Anti, Bwana wapita kwawo? Amake abwera?" Anakoka epuloni ya Anti, akudumphadumpha. "Ndasunga, Anti, sindinauze aliyense. Tsopano tinene?"