Pampu Ilibe Miyendo

Tianthu tomwe amatijambula pa mapulani a nyumba timandinyansa. Tiyang'aneni bwino tsiku lina: kamayi kowonda konyamula chikwama, kabambo kothamanga ngati kachedwa ku ntchito, kamwana kogwira chibaluni. Palibe kotsimphina, palibe koyendera ndodo, palibe ngakhale kotopa. Ine ndimagwira ntchito ku khonsolo ya mzinda, mu ofesi younika mapulani nyumba zisanamangidwe, ndipo ndakhalitsa pamenepo, koma sindinaonepo kamodzi mwa tianthu timeneti kakudwala.

Amuna anga ndiwo anadwala. Sitiroko inawagwira chaka chatha, pakamwa n'kubwerera, dzanja lamanja n'kubwerera, koma miyendo inakana. Amayenda pa njinga ya olumala. Kale ankagwira ntchito yokonza zolakwika m'nyuzipepala isanasindikizidwe. Ntchitoyo anasiya, koma cholembera chofiira sanachisiye. Amakonza ngakhale zolembedwa pa paketi ya sopo. Loweruka lililonse m'mawa ankapita ku laibulale yakale, yomwe ili pamwamba pa positi ofesi, kukawerenga mpaka njala iwabweze. Kumeneko n'kokwera masitepe opanikiza, ndiye kunatha basi.

Chichokereni kuchipatala, bambowa anakana kutuluka pageti. Ndikawanyengerera kuti tikangozungulira, yankho linali limodzi: "Ndidzatuluka akamanga laibulale yatsopano." Mawu amenewo ndiwo anali chingwe chokhacho chowakokera kunja, ndipo ine ndinkachigwira ndi manja awiri.

Pulani ya laibulaleyo itafika mu ofesi mwathu, ndinapita nayo kunyumba ndili wosangalala, n'kuiyala patebulo lodyera. Nyumba yokongola, mawindo akuluakulu, kutsogolo masitepe otambalala okwera kuchokera mumsewu, tianthu tija tili piringupiringu pamenepo. Amuna anga anavala magalasi, nayendetsa chala papepala pang'onopang'ono ngati akufunafuna chilembo chosokonekera.

"Ine ndili pati apa, mayi?"

Ndinawalozera. Njira yotsetsereka ya njinga inalipo ndithu. Inkayambira pambali, n'kuzungulira kuseri, n'kukathera pa chitseko chotsitsira makatoni a mabuku, pafupi ndi mabini a zinyalala.

Anatenga cholembera chija n'kuzunguliza mabiniwo ndi mzere wofiira.

"Pindani pepala lanu," anatero. "Ngati khomo langa ndi la zinyalala, ndizikhala pompano. Pano ndimalowera kutsogolo."

Tsiku lotsatira anauza mwana wathu wamkazi kuti aike nsapato zawo zoyendera m'sutikesi, pamwamba pa kabati. Mwanayo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Ndinachita mantha, ndinene zoona, kuposa tsiku lija sitiroko inawagwetsa m'bafa. Tsiku limenelo panali madokotala. Apa panali ine ndekha ndi komiti yovomereza mapulani.

Vuto linali lakuti pulaniyo sinaphwanye lamulo. Lamulo limati njira ya njinga ikhalepo, silinena kuti pati. Ukakhala woona mapulani, chomwe ungakanire ndi chomwe chalakwa, osati chomwe chakuwawa.

Komiti inakumana Lachinayi m'mawa, m'chipinda chapamwamba chija chili ndi tebulo lalitali lodzaza zipsera za makapu, ndi fani yomwe imapukusa mutu uku ndi uku ngati ikukana zonse zokambidwa. Kumutu kwa tebulo kunali a Tcheya, munthu wabwino mtima koma wokonda kuti msonkhano uthe nkhomaliro isanakwane. Wojambula mapulani anali mkulu wina amene timamutcha Kapensulo, chifukwa pensulo sichoka kukhutu kwake. Ena amati amasamba nayo. Panalinso injiniya wa zamadzi, a Mabawuti, omwe nkhani ikapanda paipi amagona maso ali chitsegulire. Mapulani anali awiri: laibulale, ndi nyumba yatsopano ya pampu yopopa madzi a mzinda. Malo ake ndi ogundizana, mumsewu umodzi, pachitunda chimodzi, ndipo Kapensulo anazijambula zofanana nkhope, ngati mwana ndi mayi wake.

Tinayamba ndi laibulale. Kapensulo anaimirira n'kulankhula bwino kwambiri, poti pakamwa ali napo.

"Masitepe amapatsa nyumba ulemu," anatero. "Munthu akamakwera, thupi lenilenilo limadziwa kuti likupita kumalo a maphunziro."

"Nanga amene sangakwere, thupi lake limadziwa kuti likupita kuti?" ndinafunsa.

"Njira yawo ilipo, mayi, iyi apa. Zonse zili motsata malamulo."

"Ndaiona. Bwanji osaibweretsa kutsogolo?"

Anapukusa mutu mogwirizana ndi fani. Kutsogolo n'kotsetsereka kwambiri, anatero, malo ndi ochepa, ndipo njira yoteroyo ingaononge nkhope ya nyumba. Anayesa kale, sizingatheke. Mawu oti sizingatheke anawabwereza mpaka ena onse anayamba kugwedeza mitu.

Kenako a Tcheya anavula magalasi n'kundiyang'ana ndi maso achisoni, maso amene ndimadana nawo kuposa kutukwanidwa.

"Mayi, tonse tikudziwa za kunyumba, ndipo tikupepesa ndithu. Koma tisasakanize za mumtima ndi za ntchito."

Mutu wanga unatentha. Mwambi uja woti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, unafika pansonga ya lilime, koma ndinaumeza, poti ndikanaunena akanati mayiyu wayamba kutemberera anthu. A Mabawuti nthawi yonseyi ankaseweretsa foni.

"Chabwino," anatero a Tcheya. "Timwe tiyi, tione ya pampu, ndiye tisainire zonse pamodzi."

Tiyi ine sindinamwe. Ndinaima pawindo la m'khonde, kuyang'ana magalimoto, ndikuganiza mmene ndikauzire bambo kunyumba. Ndinkawaona kale akugwedeza mutu mwaulemu, n'kupempha kuti ndiwatembenuzire njinga kukhoma.

Titabwerera, Kapensulo anayala pulani ya nyumba ya pampu. Inali laibulale yomwe ija koma yaing'ono: timasitepe kutsogolo, chitseko chokongola, ndi njira yotsetsereka yozungulira kuseri. A Mabawuti anaika foni pansi. Anakokera pepalalo kwa iwo, naliyang'ana, nalitembenuza, ndipo khosi lawo linayamba kufufuma.

"Achimwene, pampu yanga ilowera kuti?"

"Kumbuyo, bwana. Pali chitseko chachikulu."

"Kumbuyo? Ikhote pakona apa, ikhotenso apa? Munaionapo pampu inu? Pampu ilibe miyendo! Imayenda pa ngolo yokankha. Ikafa, lole imaima pamsewu, anthu anga amaitulutsa molunjika n'kulowetsa ina molunjika, mzinda wonse uli pakhosi panga kufuna madzi. Ndiye inu mukuti izikazungulira kuseri ngati yakuba?" Anamenya tebulo, makapu n'kulira. "Masitepewa ndi a ndani? Chotsani!"

Palibe amene anawauza kuti asasakanize za mumtima ndi za ntchito. A Tcheya anangoti, "Zomveka, zomveka," n'kutembenukira kwa Kapensulo. "Mungakonze?"

Anthu ojambula mapulani ali ndi kachitidwe kawo. Safufuta pulani pamsonkhano. Amayala pamwamba pake pepala lopyapyala loonekera, n'kujambula maganizo atsopano pamenepo, zapansi zikuonekabe. Kapensulo anang'amba pepala lotero pampukutu wake, nachotsa pensulo kukhutu. Analuma mlomo kanthawi. Kenako dzanja linayamba kuyenda: m'malo mokwera chitunda molunjika, anayambira pakona ya msewu pomwe nthaka ndi yokwererapo kale, n'kukoka njira yotambalala yodutsa chopingasa kutsogolo kwa nyumba, yokwera pang'onopang'ono mpaka pakhomo. Sitepe panalibe ngakhale imodzi. Tiyi wa a Mabawuti anali asanazizire n'komwe.

"Basi, zatheka," anatero, akumwetulira ngati mwana wakhoza masamu.

"Eyaa, zimenezo," anatero a Mabawuti, n'kutolanso foni yawo.

Ine ndinangopezeka ndaimirira. Sindinakonzekere, miyendo inanyamuka yokha.

"Tandibwerekani pepalalo."

Ndinalinyamula m'makona, n'kukaliyala pa pulani ya laibulale yomwe inali idakali kumapeto kwa tebulo. Ndinalisuntha pang'ono mpaka msewu unagwirizana ndi msewu, kona ndi kona. Chitunda n'chomwecho, nkhope ya nyumba n'njomweyo. Mzere wa pensulo uja unadutsa pamwamba pa masitepe aulemu aja, pamwamba pa kamayi kachikwama ndi kamwana kachibaluni, n'kukathera pafupi penipeni ndi khomo lalikulu. Panangotsala kuutalikitsa pang'ono.

"A Tcheya," ndinatero, "za kunyumba ndazisiya kunyumba. Pano ndikufunsira pampu ina. Nayonso ilibe miyendo, imayenda pa mateyala. Kusiyana kwake n'koti iyi imawerenga."

Woyamba kuseka anali a Mabawuti, chiseko chachikulu cha m'mimba, koma anachidula pakati ataona kuti ine sindikuseka. Anadzuka, nabwera kudzasuzumira.

"Komatu mayiwa akunena zoona," anatero. "Ngati chitsulo changa chalowera kutsogolo, munthu alekerenji?"

Ndinkayembekezera kuti Kapensulo adzitchinjiriza, poti palibe amakonda kugwidwa ndi msampha wake womwe. Koma munthu uja ntchito yake amaikonda kuposa ulemu wake. Anaweramira papepalapo, makutu atafiira, pensulo n'kuyambanso kuyenda. Apa anaika benchi, apo mitengo iwiri ya mthunzi, apo chogwirira.

"Aaa," ankalankhula yekha, "komanso ikukongola kuposa poyamba. Ndinaiphonya bwanji?"

A Tcheya anayang'ana wotchi, nayang'ana ine, navalanso magalasi.

"Mapulani onse awiri abwerere akakonzedwe. Masitepe achoke, khomo likhale limodzi la aliyense. Alipo wotsutsa?"

Panalibe. Anatsokomola pang'ono, n'kuwonjezera osandiyang'ana, "Mawu aja ndinalankhula poyamba, mayi, atayeni."

Anthu akutuluka, Kapensulo anandikodola. Anali atajambula kanthu kena pakhomo la laibulale: kamunthu kokhala pa njinga, kakulowa. Ananyamula pepala loonekera lonselo n'kundipatsa.

"Mukawapatse bambo. Pulani yeniyeni ndijambula ina."

Ndinatsika mpaka pakati pa masitepe a khonsolo. Ndinakhala pansi pomwepo, mayi wamkulu ndi diresi langa la kuntchito, ndipo ndinalira. Sikunali kulira kwa chisoni ayi. Chimwala chomwe chinandikhala pachifuwa chiyambire tsiku la nsapato lija chinali chitachoka, ndipo mpweya unkalowa wambiri moti sindinkadziwa pouika. Mayi wina wa ku ofesi ya misonkho anaima kundifunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinamuuza kuti ayi, kwagwa masitepe.

Ndinapempha kuweruka msanga. Kunyumba ndinapeza amuna anga pawindo la pabalaza, pamalo pawo pa masiku onse, bulangete pamiyendo ngakhale kunkatentha. Sanandifunse kanthu. Munthu ameneyu akaopa yankho safunsa.

Ndinawaika pepala lija pamiyendo, n'kuwafotokozera zonse, kuyambira maso achisoni a a Tcheya mpaka khosi la a Mabawuti. Ndinamenya ngakhale tebulo kuti amve mmene makapu analirira. Mwana wathu anatuluka kukhitchini ndi thaulo m'manja, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto nkhope ili gwa.

"Ndiye kuti ine ndalowera pa ulemu wa pampu?"

"Eee, bambo. Pampu ndiyo yakutsegulirani."

"Hmm."

Anavala magalasi, natulutsa cholembera chofiira m'thumba la malaya. Cholemberacho chinayenda m'mwamba mwa mzere wonse, kuchokera pakona ya msewu, kudutsa benchi, kudutsa mitengo, chikufunafuna cholakwa. Chinaima pa kamunthu kaja.

"Apa alakwitsa," anatero. "Amujambula chimanjamanja."

Anakajambulira kanyuzipepala kofiira m'khwapa. Anakayang'ana kanthawi ndithu, kenako anatseka cholembera n'kutembenukira kwa mwana.

"Iwe, tsitsa sutikesi ija. Ndikufuna nsapato zanga."

"Adadi, komatu sanayambe kumanga. Kuli udzu wokhawokha."

"Ndikudziwa. Ndikufuna ndikaone pomwe pakhale khomo."

Nsapatozo zinali zitachita fumbi, ndipo ya kumanzere inavuta kulowa. Ndinagwada n'kuwamanga zingwe, iwo akundidzudzula kuti mfundo yanga yapendekeka. Anataya bulangete pampando, nakonza kolala ya malaya, napinda pepala lija bwinobwino n'kuliika m'thumba pamodzi ndi cholembera. Mwana anagwira njinga kumbuyo, tinatuluka pakhomo, n'kudutsa pabwalo mpaka pomwe akhala akubwererapo chaka chonse.

Pamenepo anakweza dzanja, njinga n'kuima. Anayang'ana msewu kudzera m'mipata ya zitsulo, magalimoto akudutsa, anthu akuweruka.

"Tsegulani geti, mayi," anatero. "Pampu ikutuluka."